Dzimbiri Lomwe Ndinakwecha

Mpaka lero ndikamva boneti ya galimoto ikumenyetsedwa, zala zanga zimapindika zokha. Zala zomwe zinaphwanyika tsiku lija sizinali zanga, koma zinkayenera kukhala zanga. Nkhaniyi ndakhala ndikuilambalala nthawi yaitali, lero ndiye sindibisa Chichewa.

Chaka chomwe korona anatitsekera m'mipanda ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa, kudziko la Aarabu. Nyumbayo inali ndi zipinda zambiri kuposa anthu ogonamo: madamu, amuna awo omwe tinkawatchula kuti abwana aakulu, ndi mwana wawo mmodzi yekha, chimunthu chandevu cha zaka zopitirira makumi atatu, yemwe tinkangomuti bwana wamng'ono. Kuseri, moyandikana ndi garaja, kunali kachipinda ka makaniko wa pakhomopo, bambo wa ku Chipata yemwe imvi zinali zitayamba kumera m'mbali mwa mutu. Ine ndinkawaitana kuti amalume. Ubale panalibe, koma munthu amene wakuyankha m'chilankhulo cha mayi ako pakati pa mchenga ungamutchule kuti ndani?

Amalume ankasamala manja awo kuposa momwe ine ndinkasamalira nkhope. Akaweruka ankabwera pazenera la kukhitchini kudzapempha supuni ya shuga ndi kadontho ka mafuta ophikira, n'kumatikita zala chimodzichimodzi mpaka girizi yense atachoka.

"Amalume, shuga wa eni ake mukumalizira m'manja? Tiyi timwera chiyani?"

"Iwe mwana, manja aya ndiye munda wanga," ankandiyankha choncho m'Chinyanja chawo cha kutsidya kwa malire. "Ine nilibe ng'ombe, nilibe sitolo. Nikabwelela ku Chipata nizatsegula garaji yanga. Manje zala zikaonongeka nizalima na chani?"

Garajayo inali isanamangidwe, koma iwo ankaidziwa mpaka mtundu wa penti wa pageti. Ankati atsala ndi chaka chimodzi basi.

Pakhomo paja chipembedzo chachiwiri chinali liwiro. Nyengo yozizira ikafika, abwana aakulu ndi anzawo ankakweza magalimoto pa malole n'kupita kutali m'chipululu, pamalo athyathyathya pomwe dothi linauma gwa. Kumeneko sankathamangitsana ngati a minibasi olimbirana anthu pasiteji ayi. Galimoto inkanyamuka yokhayokha, n'kulunjika kutsogolo osakhota, makina n'kulemba liwiro lake. Ikatha iyo, ina. Magalimotowo ankawaika m'magulu, ndipo gulu la abwana aakulu linali la magalimoto akalekale. Lamulo lake linali limodzi: injini uikonze momwe ungafunire, koma thupi la galimoto likhale chitsulo chenicheni chakale. M'gulu limenelo panalibe yemwe anali atawapitirirapo. Galimoto yawo inali yakuda bii, ya mphuno yaitali, yobadwa agogo anga asanakwatiwe, ndipo Lachinayi lililonse ndinkaipukuta ndine mpaka ndione mano anga pachitseko.

Mwana wawo ankafuna kuwapitirira, ndipo nkhani inagona pamenepo. Iye ndi anzake ankakonda magalimoto ooneka ngati akale koma opangidwa dzulodzuloli, matupi ake a faiba, pulasitiki yolimba ija amapangira maboti ndi matanki a madzi. Akuluakulu a mpikisano ankawakaniza kulowa m'gulu la akale, n'kuwaponya m'gulu la magalimoto amakono osongoka kutsogolo, komwe ankangodya fumbi chaka ndi chaka.

Ndimakumbukira masana ena, korona tikungomumvera pa wailesi yakanema, ine nditaima pambali ndi jagi ya madzi.

"Mphepo sifunsa zaka!" anakuwa bwana wamng'ono. Ankasakaniza Chingerezi ndi Chiarabu, koma zaka zitatu m'nyumba ya eni zimatsegula makutu. "Galimoto yathu ndi yanu maonekedwe ndi amodzi, mphepo ikuzikankha mofanana. Ndiye mukuopa chiyani?"

"Ukavala mkanjo wa agogo ako susanduka agogo ako," anatero abwana aakulu osakweza mawu. "Zidole zanuzo zikhale ndi gulu lake, muzikapikisana nokhanokha. Khalas, nkhani yatha."

Liwu loti zidole lija linali machesi. Bwana wamng'ono anasesa tebulo lonse ndi mkono umodzi. Mbale, matambula, mpunga, nyama, zonse pansi phwaa! Tipoti anaiponyera kukhoma, koma pakhomapo ndi pomwe ndinaima ine. Inandiphonya pang'onong'ono, chibenthu chake n'kundilowa pa msongolo, tiyi wotentha n'kundikhuthukira paphazi. Abwana aakulu anamuwaza madzi kumaso, iye n'kukankha mpando mpaka unathyoka mwendo. Madamu ankangokuwa dzina la Mulungu. Palibe yemwe anayang'ana kumene ndinali. Ndinatola magalasi magazi akutsikira mu silipasi.

Chibenthucho anandichotsa ndi amalume, ndi kapulayala kakang'ono komwe anayamba akawiritsa kaye. Zala zikuluzikulu zija, abale, koma sindinamve n'komwe kuti chatuluka liti. Akundimanga bandeji ndinawafunsa kuti pa anthu awiri aja wolondola ndani.

"Onse ali na mfundo," anatero. "Mphepo sifunsa zaka, n'zoona. Koma chitsulo n'cholema, faiba ni pepala chabe. Ndiponso galimoto yakale ikathamanga maningi imanjenjema monga nkhalamba ya malungo, mabauti amamasuka, woyendetsa amangopemphela. Ya faiba imangoti fyuu. Si mantha amodzi."

"Ndiye akuluwo akunena zoona," ndinatero. "Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Wina asenze thumba la simenti, wina chimanjamanja, inu muziti mpikisano?"

"Iwe pakamwa pako pazakugwetsa," anaseka amalume. Anaphonya pang'ono, chifukwa chomwe chinagwetsa munthu sipanali pakamwa panga.

Kenako mzinda unatsekedwa. Ndege zinaima, ndipo ngakhale kupita kogula buledi unkayenera kupempha chilolezo pa foni. Abwana aakulu anali ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi, ndiye madamu anawatsekera m'chipinda cham'mwamba ngati dzira. Chakudya ndinkasiya pakhomo, kugogoda, n'kuthawa. Kwa miyezi yambiri dziko ankalionera pakhonde lam'mwamba basi, ndipo m'garaja sanapondemo.

Kutangotsala masiku ochepa kuti atseke, lole inali itabweretsa chinthu chokutidwa ndi tenti. Anachilowetsa mbali ina ya garaja, chitseko n'kutseka. Olowamo anali awiri okha, bwana wamng'ono ndi amalume. Masabata amenewo amalume anayamba kupempha zachilendo pazenera langa: viniga, mchere, mawa vinigayo. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa tayala akupala misomali yakale ndi tupa, ufa wake akuusunga m'kachitini.

"Kodi mukuphika chiyani m'garajamo, amalume? Achari wa misomali?"

Sanaseke. Anangoweramira pa tupa yawo.

Patapita miyezi, m'mawa wina anakankhira chinthucho pabwalo n'kuchivundukula. Inali galimoto yopangidwa ngati yakuda ija, koma thupi lonse dzimbiri lokhalokha, mwina muli psuu, mwina motuwa, mwina ngati mwadyeka. Bwana wamng'ono anaitana bambo ake pakhonde paja n'kuwauza kuti waipeza m'khola la pa famu ina kutsidya kwa nyanja, chitsulo chenicheni, ndipo dzimbiri ilo ndiye umboni wa zaka zake. Abwana aakulu anatsamira zitsulo za khonde n'kuyang'ana nthawi yaitali. Atalankhula, misozi inali ikutsika m'masaya.

"Mashallah. Tsopano ndiwe mwana wanga. Inshallah tikakumana pamchenga, ndipo ukandipitirira ndidzakupsompsona pamphumi."

Ine ndinali ndi tsache m'manja, ndipo chomwe ndinaona ndi uve basi. Anthu olemera inu! Ndalama zonsezi, n'kukagula chinthu chonga lata la pachimbudzi, n'kuchiimika pabwalo lomwe ndimakolopa ine? Manja anayamba kundiyabwa tsiku lomwelo.

Sabata yomweyo ndikuyanika zovala kuseri ndinamva mawu m'garaja. Amalume ankalankhula Chingerezi chawo chothyoka, koma ndinamva bwinobwino. Ankati zaka khumi ndi ziwiri adya mchere wa mdala uja, sangamunamize, ndipo ngati bwana wamng'ono sawauza yekha bambo ake, akawauza ndi iwo. Ndinasuzumira pa mpata wa chitseko. Sipanala inauluka n'kuwapeza pakamwa, mlomo n'kung'ambika. Bwana wamng'ono anawagwira pakhosi n'kuwakanikizira kukhoma, kuwamenyetsa mutu kamodzi, kawiri, mpaka maso anatong'oka, ali psuu. Chomwe sindiiwala n'chakuti amalume sanatchinge. Manja onse awiri anawabisa kumbuyo, pakati pa msana ndi khoma. Analolera nkhope iphwanyike, bola munda wawo utsale.

Madzulo ake nditawapatsa madzi oundana oika pamlomo, ndinawafunsa kuti bodza lake ndi lotani.

"Iwe samala za mapoto ako," anandiyankha choncho.

Akanangondiuza! Ankaganiza kuti akunditeteza, koma kusadziwa n'kufa komwe.

Chifukwa cha matendawa, oyendera magalimoto a mpikisano sankafika m'makomo. Ankangofuna zithunzi ndi kanema. Ndiye kunabwera mnzake wa bwana wamng'ono kudzajambula, masiki ili pachibwano. Anatsamira chitseko, anasisita boneti, anatsokomola momwe anafunira. Patapita masiku awiri, cha m'ma teni koloko m'mawa, foni inalira: mnzake uja amupeza ndi korona.

M'nyumba munalowa chimphepo. Bwana wamng'ono analiza galimoto yake yoyendera kuthamangira kokayezetsa. Amalume anali akukonza galimoto yakuda ija, boneti ili yasaa, koma madamu anawadula pakati n'kuwatuma kukagula kolorini wina. Ine anandiponyera ndowa ndi magolovesi.

"Yalla, fulumira! Chilichonse chomwe anagwira munthu uja. Geti, mipando, galimoto, zonse. Ziwale!"

Geti ndinatsuka, mipando ndinatsuka. Nditafika pa galimoto yadzimbiri ija, nsalu inkangokakamira, osayenda. Ndinaganiza kuti korona akafuna pobisala, angasiye timaenje ta dzimbiri iti? Ndipo ndisaname, mumtima ndinasangalala. Chilolezo chomwe ndinkachifuna chija ndinali nditachipeza. Ine ndinakulira ku Ndirande, komwe mtsikana amadziwika ndi kunsi kwa poto wake, ndipo palibe dzimbiri lomwe linandikanikapo. Ndinathamangira kukhitchini kukatenga sitiliwaya. Magolovesi atang'ambika ndinawavula n'kupitiriza ndi manja enieni, dzuwa likundiwotcha pamsana, ine ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Linkachoka mosavuta moti ndinayamba kudzitama. Madzi ofiirira ankatsikira pansi ngati koko. Nditathira ndowa kuti ndione ntchito yanga, nyimbo inandithera pakhosi. Dzimbiri ndimalidziwa ine: ukalikwecha, pansi pake pamatuluka chitsulo chowala. Apa panatuluka chinthu chotuwa, chosalala, chonga beseni losambira. Chigamba chake chinali chachikulu ngati lichero, pa boneti penipeni. Ndinagogoda ndi chala, panamveka pho, pho, ngati chigubu chopanda madzi. Kenako fungo linandipeza m'mphuno, fungo la viniga.

Viniga uja. Mchere uja. Ufa wa misomali uja. Mayo ine!

Ndinagwada n'kuyamba kukokolola matope ofiirira aja pansi, kumata pachigambapo ndi manja, koma ankangotsetsereka, n'kumalowa m'zikhadabo zanga. M'mwamba chitseko cha pakhonde chinalira. Ndinanyamula ndowa ndi sitiliwaya n'kukabisala kuseri kwa thanki ya madzi.

Abwana aakulu anatuluka pakhonde monga ankachitira masana alionse, kudzaona galimoto ya mwana wawo. Anaima duu. Kenako ndinamva mapazi pa masitepe, ndi madamu akukuwa kuti abwerere. Anatulukira pabwalo opanda nsapato, opanda masiki, koyamba m'miyezi yonse ija, madamu akuwakoka mkanjo kumbuyo. Anafika pa galimoto n'kugogoda ndi mphete yawo pa chigamba chija. Anagogoda pachitseko. Anagogoda padenga. Paliponse pho, pho. Analowa m'garaja n'kutuluka ndi hamala yaikulu.

Sindinkadziwa kuti munthu wodwala shuga, wotsekeredwa miyezi yonse ija, angakhale ndi mphamvu zotero. Hamala yoyamba inalowa mu boneti mpaka mpini. Faiba sipindika ngati chitsulo, imang'aluka ngati chipanda, zibenthu zake n'kumauluka zaubweyaubweya. Anaswa nyali zonse ziwiri, anaswa galasi lakutsogolo, anang'amba chitseko n'kuchipondaponda magalasi akuwacheka kumapazi. Pakamwa pankangotuluka liwu limodzi, lomwe lija: zidole, zidole. Fumbi loyera linawadzaza m'ndevu.

Geti inatseguka, bwana wamng'ono n'kulowa. Galimoto sanaizimitse n'komwe. Anathamanga n'kugwira hamala ija, awiriwo n'kuyamba kulimbirana. Abwana aakulu anamumenya ndi kuseri kwa dzanja, mphete n'kumucheka patsaya.

"Bambo ako unawanamiza ali m'ndende ya matenda! Ndinalira misozi chifukwa cha beseni!"

Mwana anakankha bambo ake ndi manja awiri pachifuwa. Nkhalamba ija inagwa chagada pa simenti, mutu n'kugunda, mkanjo woyera n'kuyamba kufiira paphewa. Madamu anagwa pa amuna awo akulira. Bwana wamng'ono anazungulira pabwalo ngati galu wolumidwa ndi mavu, n'kuima pa chidutswa cha boneti chomwe chinali ndi chigamba changa.

"Ndani? Wachita izi ndani?"

Ine ndinali nditatuluka kuseri kwa thanki, nditaima pakona, manja ndawabisa pansi pa epuloni. Madamu anali atandituma okha, koma maso awo sanachoke pa amuna awo. Kaya sanaganize, kaya anaganiza n'kusankha kukhala chete, sindidziwa.

Nthawi yomweyo amalume analowa pakageti kakang'ono atanyamula katoni ya kolorini. Anaona zonse, katoni n'kuwapulumuka, botolo lina n'kuphulika, fungo n'kudzaza bwalo. Bwana wamng'ono anawalozetsa chidutswa chija kumaso.

"Unati uwauza. Ndi mmene wawauzira mmenemu? Ndiwe?"

Amalume anayang'ana chigambacho. Mizere ya sitiliwaya inkaoneka bwinobwino, yozungulirazungulira ngati kunsi kwa poto. Makaniko sakwecha choncho. Anakweza maso n'kundiyang'ana kamodzi kokha, kenako anayang'ana pansi. Sanavomere, sanakane.

Apa ndi pomwe ndinkayenera kulankhula. Mawu ake anali awiri okha: ndine, bwana. Ndinawamva akukwera pakhosi. Koma ndinaona tsaya lamagazi lija, ndinaona nkhalamba ili pansi, ndinakumbuka kuti ndege kulibe, kuti pasipoti yanga ili m'kabati ya madamu, kuti kunja kwa geti kulibe khomo lomwe lingatsegulire wantchito wothamangitsidwa m'nyengo ya mliri. Ndinachita mantha, abale. Pakamwa panga paja, pomwe sipankasowa choyankha, panauma gwa.

Bwana wamng'ono anatola chitsulo chomasulira matayala. Choyamba chinawapeza m'nthiti, ndinamva kulira kwake. Amalume anabwerera chafutambuyo kulowa m'garaja, manja ali kumbuyo monga tsiku lija. Chachiwiri paphewa. Chachitatu chinawapeza pabondo, mwendo n'kupindika. Munthu akamagwa saganiza, dzanja limadzitulukira lokha. Dzanja lawo lamanja linatuluka kumbuyo kuja n'kugwira m'mphepete mwa galimoto yakuda, pomwe boneti inali chitsegukire kuyambira m'mawa.

Bwana wamng'ono analiona dzanjalo. Ndikulumbira kuti analiona, chifukwa anayamba waima kaye. Kenako anakankha kachitsulo kochirikiza boneti, n'kuigwetsa ndi manja awiri. Anaikwezanso, n'kuimenyetsa kachiwiri, n'kuitsamira ndi thupi lake lonse.

Kukuwa kwa amalume sindingakulembe. Kunali kwa mbuzi yomwe mpeni wabuntha ukuicheka. Ine ndinakodzedwa pomwe ndinaima.

Atamva kukuwa kuja, bwana wamng'ono anachita ngati wadzuka kutulo. Anataya chitsulo n'kuthawira m'nyumba. Boneti ndinaikweza ndine, ndipo inandikanika kawiri, mpaka ndinalowetsa phewa. Zala zitatu zinali zitaphwatalala, mkombaphala ukulendewera pa kachikopa, fupa lili mbee. Ndinavula epuloni n'kukulunga dzanjalo. Kunja abwana aakulu anali atadzuka, akukuwa kuti wina abweretse makiyi, atengera okha amalume kuchipatala.

Tinatsala awiri m'garaja. Amalume anakhala pansi atatsamira tayala, thukuta lili kamukamu, milomo yatuwa. Ndinayamba kulira kuti amalume ndine, amalume ndikanena. Anandidula.

"Leta thina. Botolo iyo, na kansalu."

Ndinaganiza kuti mutu wawasokonekera ndi ululu, koma ndinabweretsa botolo la mankhwala osungunulira pentilo. Anandiuza kuti nditsegule, ndinyowetse nsalu. Kenako ndi dzanja lamanzere anagwira dzanja langa, chaka chomwe anthu sankapatsana n'komwe moni wa pamanja, n'kuyamba kupukuta zikhadabo zanga chimodzichimodzi. Zonse khumi zinali zofiirira ndi dzimbiri la penti lija. Nsalu inawagwa kawiri.

"Akaona ivi uzagona pamsewu," anatero mano ataluma. "Vanga vaonongeka kale. Tisaonongeke tonse awili."

Anamaliza chala chomaliza galimoto ikuimba hutala panja.

Kuchipatala anakanena kuti boneti inagwa yokha. Anatero abwana aakulu, anatero madamu, anateronso amalume eni ake. Ine palibe anandifunsa. Bwana wamng'ono zotsatira zake zinabwera zoti alibe korona, ndipo m'nyumba monse palibe yemwe anadwala ngakhale chimfine. Zibenthu za galimoto ya faiba ndinasesa ndine. Chidutswa chachikulu cha boneti yake ndinachinyamula ndi zala ziwiri n'kuchiponya m'bini. Ikanakhala imeneyo yomwe inagwera dzanja la amalume, bwenzi atangotupa pang'ono, mawa lake n'kubwera kudzapempha shuga. Ndiye wina asadzandiuze kuti magalimoto awiri aja anali ofanana poti mphepo sifunsa zaka. Maboneti onse awiri ndinawanyamulapo ine.

Amalume anabwerako opanda mkombaphala, zala ziwiri zotsatira zitauma ngati mitengo. Mabandeji atachoka, ndinawaona tsiku lina pazenera langa ali okha m'garaja. Anatola sipanala, inagwa. Anaitolanso, anaikanikiza ndi chala chachikulu, n'kuiika pa bauti. Atangoti akoke, inagwanso. Kachitatu sanaitole. Anakhala pa tayala n'kumayang'ana dzanjalo ngati la munthu wina. Madzulo amenewo ndinaika supuni ya shuga pazenera, ndipo inakhala pomwepo mpaka nyerere zinaipeza.

Ndege zitayamba kuuluka, abwana aakulu anawagulira tikiti. Tsiku lonyamuka mabatani a malaya ndinawamanga ndine, chifukwa anali atalimbana nawo nthawi yaitali. Ndinawafunsa za garaja ija.

"Lamanzele lizaphunzila," anatero. Koma sanandiyang'ane, ndipo za mtundu wa penti wa pageti sanatchulenso.

Nyengo yozizira itafika, akuluakulu a mpikisano anagwirizana zomwe abwana aakulu ankanena kuyambira kale: magalimoto atsopano ovala zakale akhale ndi gulu lawolawo. Abwana aakulu anakondwa kuti mfundo yawo yapambana. Bwana wamng'ono anagula galimoto ina ya faiba, yofiira, yopanda bodza la dzimbiri, n'kukapambana pakati pa anzake. Bambo ndi mwana anayambanso kudyera m'mbale imodzi, kuseka, kuitanana habibi, ndiye kuti wokondedwa. Chikho chake anachiika pa shelefu ya pabalaza, ndipo wochipukuta fumbi ndinali ine. Nthawi zina ndinkachigwira n'kumva kulemera kwake, mutu wa mwini wake uli pompo pa sofa. Mulungu andikhululukire zomwe ndinkaganiza.

Lachinayi lomaliza asanapite kuchipululu ku mpikisano umenewo, abwana aakulu anandiitana okha n'kundipatsa nsalu yatsopano. Anati galimoto yakuda iwale kuposa kale lonse, chifukwa kukakhala ojambula. Makaniko watsopano anandikwezera boneti. Ndinapukuta zitseko, denga, nyali, mpaka mano anga anaoneka. Nditafika m'mphepete mwa injini, kunsi kwa mlomo wa boneti, pomwe panaphwanyikira zala za amalume, ndinapeza timizere titatu touma, tofiirira, tofanana ndi dzimbiri. Miyezi yonseyi palibe anali atationa.

Abwana aakulu anawerama pambali panga, n'kuloza ndi chala cha mphete chija.

"Apa pali dzimbiri. Uchotse."

"Chabwino, bwana," ndinatero.

Atachoka ndinapinda nsalu yanga n'kuuza makaniko kuti atseke. Ndinagwirako ntchito miyezi ina isanu ndi itatu, Lachinayi lililonse ndikupukuta galimoto imeneyo, ndipo pamalo pajapo sindinafikitsepo nsalu.